Mawu a m'makalata a khonsolo ku England akugonetsa abale athu panja

A Mkonzi,

Ndithokoze pondipatsa danga. Ndikulemba kuchokera ku England, ndipo nkhani yanga ndi ya mawu a Chingerezi amene amalembedwa m'makalata ndi m'mafomu a makhonsolo pa nkhani za pokhala. Ndimagwira ntchito ku bungwe lina limene limalandira ndalama ku khonsolo ya mzinda wathu kuti lizithandiza anthu amene nyumba yatsala pang'ono kuwapulumuka m'manja, kapena yawapulumuka kale. Ntchito yangayi amaitcha housing support worker. Achibale akandifunsa ndimangoti ndimathandiza anthu pa za nyumba, iwo n'kumaganiza kuti ndimagawa makiyi. Koma theka la tsiku langa limathera pa kuwerenga makalata pamodzi ndi eni ake, n'kumawauza chimene kalatayo ikunena kwenikweni. Munthu akhoza kudziwa Chingerezi bwinobwino, n'kuwerenga liwu lililonse, koma kalatayo osaimva.

Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi zimene zinaonekera bambo ena a kwathu chaka chatha. Bambowa ndi a zaka za m'ma 60, mapepala awo okhalira m'dziko muno ndi olongosoka, ndipo anagwira ntchito nthawi yaitali m'nyumba zosungiramo katundu. Matenda a shuga atakula, mwendo unayamba kuvuta, ntchito inatha, ngongole ya lendi inawunjikana, mpaka khoti linalola landilodi kuti awatulutse. Khonsolo inawaika m'kachipinda kongoyembekezera pamene inkafufuza nkhani yawo. Tsiku limene ndinapita kukawaona ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, jekete ali chivalire, mwendo atauika pa mpando. Nditawafunsa za makalata anakoka jumbo pansi pa bedi. Munali maenvelopu ambiri, ena osatsegula n'komwe. Koma kalata imodzi anaitulutsa m'thumba la jekete, yopindidwa kanayi, ndipo pondipatsa dzanja linkanjenjemera.

"Mwanangu, ine ndagwira ntchito m'dziko muno zaka zonsezi, msonkho ndakhoma, lero akuti ndachita dala. Ndingagone panja dala ine, ndi mwendo uwu?"

Ndinawafunsa kuti, "Bambo, kalatayi mwaiwerenga mpaka kumapeto?"

"Ndiwerengerenji mwano?" anatero.

Pa tsamba loyamba panali mawu awiri akuti intentionally homeless, amene ukawamasulira liwu ndi liwu akuti "wosowa pokhala mwadala". Bambowa anawamva monga aliyense wa ife angawamvere: kuti akunenedwa bodza, kuti akunyozedwa. Anapinda kalata n'kusiya nkhani m'manja mwa Mulungu. Tsamba lomaliza, limene sanafikeko, linkanena kuti ali ndi masiku 21 opempha kuti chigamulocho chiunikidwenso. Titawerengetsa tinapeza kuti masiku 16 anali atapita kale. Tinatsala ndi asanu.

Chimene bambowa sankadziwa n'chakuti mawu amenewo si maganizo a munthu amene analemba kalatayo. Ndi mawu a m'lamulo, ndipo akhalamo kuyambira 1977 pamene Britain inakhazikitsa lamulo loyamba lokakamiza makhonsolo kupezera pokhala anthu ena osowa nyumba. Lero ku England ali m'gawo 7 la Housing Act ya 1996. Tanthauzo lake ndi lopapatiza: kuti munthu anachita chinthu mwadala, kapena analeka dala kuchita chinthu, ndipo chifukwa cha icho anataya nyumba imene akanatha kupitiriza kukhalamo. Amene ndalama anali nazo koma anasankha kusalipira lendi, ameneyo lamulo likhoza kumugwira. Koma amene ndalama zinamuthera chifukwa cha matenda, moti akanalipira lendi akanagona ndi njala, sanachite dala. Bambowa pofunsidwa koyamba anangoyankha kuti "sindinalipire", chifukwa ndi munthu wosakonda kudandaula. Za mwendo ananena pang'ono, za mmene ndalama zinathera sananene n'komwe, ndipo palibe anawafunsa. M'masiku asanuwo tinasonkhanitsa kalata ya dokotala, kalata yothetsa ntchito ndi mapepala a ku banki. Loya wa ku bungwe lothandiza mwaulere analemba pempho, ndipo chigamulo chinasinthidwa. Lero ali m'nyumba yawoyawo ya pansi, yopanda masitepe. Ndikaganiza kuti ndikanachedwa sabata imodzi yokha, mtima umandiwawa mpaka pano.

Liwu lakuti homeless nalonso limatisokoneza. Ife tikamva timaona munthu wogona pa khonde la sitolo atafunda makatoni, ndiye timati ine sindinafike pamenepo. Lamulo la kuno siliona choncho. Amene akugona pa sofa ya mnzake ndipo mnzakeyo wamuuza kuti achoke, ndi homeless. Mayi amene nyumba ali nayo koma akabwererako akamenyedwa, ndi homeless. Ndipo kuyambira Epulo 2018, pamene Homelessness Reduction Act ya 2017 inayamba kugwira ntchito, munthu sayenera kudikira kuti katundu akhale panja: ngati zikuoneka kuti ataya pokhala m'masiku 56 akubwerawo, khonsolo ili ndi udindo woyamba kumuthandiza. Kale anali masiku 28 okha. Udindo woteteza kuti asatuluke amautcha prevention duty, ndipo akatuluka kale pamabwera relief duty, imene imatenganso masiku 56.

Apa ndiye pamene ulemu wathu umatipweteka. Tinaleredwa kuti munthu akatifunsa tiziyankha kuti tili bwino, ndiponso kuti tisamayalutse amene watisunga. Ndamvapo mtsikana akuuza wa ku khonsolo pa foni kuti, "Ndili kwa achemwali anga, akundisunga bwino," pamene achemwali akewo anali atamupatsa sabata ziwiri chifukwa landilodi wawo anaopseza kuti awatulutsa onse. Iye ankateteza dzina la mbale wake. Wa ku khonsolo analemba kuti ali ndi pokhala, nkhani n'kuthera pomwepo. Sanalakwe polemba, analemba zimene anamva.

Kenako pali priority need, gulu la anthu amene khonsolo imakakamizika kuwapezera pogona. Ambiri amaganiza kuti ndi kunena kuti vuto lako ndi lalikulu. Aliyense wosowa pogona vuto lake ndi lalikulu, koma lamulo lili ndi mndandanda wake: mayi woyembekezera, munthu wokhala ndi ana amene akuwalera, achinyamata a zaka 16 ndi 17, amene nyumba yawo yapsa kapena yakokoloka ndi madzi, ndiponso, kuyambira 2021, aliyense amene wathawa nkhanza za m'banja. Ena, monga okalamba, olumala ndi odwala maganizo, amayenera kuonetsa kuti ndi vulnerable. Liwu limeneli ndi limene landisautsa kwambiri. Ukalimasulira kuti "wofooka", mwamuna wa kwathu amakana pomwepo. Ukati "wovutika", aliyense amavomera, koma si zimene akufunsa. Khoti lalikulu la dziko lino linagamula mu 2015 kuti funso lake ndi lakuti: kodi munthuyu atakhala panja, angavulazike kwambiri kuposa mmene munthu wamba angavulazikire atakhala panja? Ine ndimawafunsa chonchi: "Bambo, mutagona panja sabata imodzi, mankhwala anu a jakisoni mungawasunge pati? Bala la kumwendoli mungalitsukire kuti?" Akayankha mafunso amenewo ndiye kuti ayankha funso la lamulo, ulemu wawo uli chikhalire. Ku Scotland mndandanda wa priority need anauchotsa kumapeto kwa 2012, choncho malangizo amene mbale wa ku Glasgow, ku Scotland, angapereke sangagwire ntchito chimodzimodzi ku Leeds, kuno ku England. Izi ndimazinena kawirikawiri m'magulu athu a pa WhatsApp, momwe malangizo amayenda mofulumira kuposa malire a malamulo.

Za local connection ndingodutsapo mwachidule: khonsolo imafuna kudziwa ngati ndiwe wa m'dera lake, ndipo kawirikawiri amawerengera miyezi 6 mwa miyezi 12 yapitayi, kapena zaka 3 mwa zaka 5, kapena ntchito, kapena wachibale weniweni wokhazikika m'deralo. Tchalitchi chimene umapemphera sichiwerengedwa mwa icho chokha, ngakhale kwa ife n'kumene kuli abale.

Koma mawu amene ndikufuna owerenga awagwiritsitse ndi awiri awa: support ndi care. M'Chichewa tonse timathamangira kunena kuti "thandizo" kapena "chisamaliro" ngati n'chinthu chimodzi. Kuno ndi zitseko ziwiri zosiyana, ndalama zake n'zosiyana, oyang'anira ake n'ngosiyana. Care ndi kugwira thupi la munthu: kumusambitsa, kumuveka, kumudyetsa, kumuperekeza kuchimbudzi. Imayendera Care Act ya 2014, amene amapereka chisamaliro chotere amayang'aniridwa ndi Care Quality Commission, ndipo khonsolo imayamba yaona chuma chako. Ku England amene ali ndi ndalama zosunga zopitirira mapaundi 23,250 amalipira yekha. Support, ntchito yangayi, sikhudza thupi. Ndi kukhala pambali pa munthu kuti nyumba isamupulumuke: kudzaza naye mafomu, kukonza naye ndondomeko yobwezera ngongole ya lendi, kumuonetsa mmene mita ya magetsi ndi gasi imayendera, kumulembetsa kwa dokotala, kulankhula ndi landilodi madzi asanafike m'khosi.

Mayi ena amasiye, amene amuna awo ndiwo ankayendetsa zonse za mapepala, anafunsidwa kudzera mwa womasulira wa pa foni ngati ali ndi support needs. Womasulirayo anati, "Akufunsa ngati mukufuna munthu wokusamalirani." Mayiwo anakwiya. "Ine ndimasamba ndekha, ndimaphika ndekha, ndimachapa ndekha. Ndisamaliridwe ngati khanda?" Pa fomu anachonga kuti safuna kanthu. Patapita miyezi anabwera kwa ife ndi ngongole ya lendi komanso ya msonkho wa khonsolo, chifukwa ndalama zina zimene ankayenera kulandira sanadziwe kuti amachita kupempha. Ndinakhala nawo patebulo la kukhitchini kwawo, makalata titawayala malinga ndi madeti, iwo atavala magalasi a malemu amuna awo chifukwa awo anali atasweka. Nditawafotokozera ntchito yanga anati, "Zimenezi ndiye ndinkazifuna kuyambira tsiku la maliro. Bwanji sanandifunse choncho?" Womasulira uja sindimuimba mlandu. Anapatsidwa liwu limodzi popanda womuuza chimene chili kumbuyo kwake.

Kusiyana kumeneku kuli ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi ya ndalama. Mu Epulo 2003 boma linayambitsa ndondomeko yotchedwa Supporting People. Linasonkhanitsa ndalama zimene zinkachokera m'matumba osiyanasiyana, pafupifupi mapaundi 1.8 biliyoni ku England m'chaka choyamba, n'kuzipereka ku makhonsolo kuti azilipirira housing-related support basi. Kuti thumba limeneli lisasakanikirane ndi la chisamaliro kapena la lendi, panafunika kulemba malire, ndipo mawu ambiri amene tikulimbana nawo lero anakhazikika nthawi imeneyo. Mu 2009 boma linachotsa mpanda umene unkateteza ndalamazo, kutanthauza kuti khonsolo inaloledwa kuzigwiritsa ntchito zina. Zaka zotsatira ndalama za makhonsolo zitachepa, ntchito ngati yangayi ndiyo inayamba kudulidwa m'madera ambiri, popeza lamulo silikakamiza khonsolo kuipereka mmene limakakamizira chisamaliro. Ku Wales anasunga thumba lapadera, limene kuyambira 2019 limatchedwa Housing Support Grant. Ndiye mawu anatsala, koma chimene munthu angapeze pansi pa mawuwo chimadalira kumene akukhala. Ine ndimaona kuti kuchotsa mpanda kuja kunali kulakwitsa. Kuyendera munthu ola limodzi pa sabata n'kotsika mtengo kusiyana ndi kumulipirira chipinda chongoyembekezera kwa miyezi atatulutsidwa kale.

Thandizo limeneli limabwera m'njira ziwiri. Floating support ndi limene limatsatira munthu: ine ndimapita kunyumba kwake, akasamuka ndimamutsatira, akaima payekha ndimapita kwa wina. Supported housing ndi kumene thandizo limamangiriridwa ku nyumbayo, monga mahositelo, nyumba zobisalamo amayi othawa nkhanza, kapena nyumba za achinyamata. Ukachokamo thandizo limatsala momwemo. Sheltered housing ndi ya achikulire amene amadzichitira zinthu okha, ndipo si nyumba yosungirako okalamba ayi, ngakhale ambiri a kwathu amaikana poganiza kuti ana awo akuwataya. Bambo a mwendo aja anakana kawiri, mpaka ndinapita nawo kukaona. Ataona kuti khomo ndi lawo, kiyi ndi wawo, khitchini ndi yawo, ndi pamene anavomera.

M'nyumba zoterezi muli misampha iwiri imene ndiyenera kutsina nayo khutu abale. Woyamba ndi pepala limene umasainira. Likakhala tenancy uli ndi chitetezo chokulirapo, ndipo landilodi amayenera kudzera kukhoti kuti akutulutse. Likakhala licence, monga zimakhalira m'mahositelo ambiri, wangololedwa kukhalamo, ndipo kukutulutsa n'kosavuta. Wachiwiri ndi service charge. Ndalama ya boma yothandiza pa za nyumba, yotchedwa Housing Benefit, imalipira lendi ndi zina za nyumba yonse, koma chakudya, madzi ndi magetsi a m'chipinda chako umalipira wekha. Ndaona anthu akutulutsidwa chifukwa cha kandalama kochepa ka pa sabata kamene ankaganiza kuti boma likulipira.

Palinso exempt accommodation, dzina limene limamveka ngati mwayi. Ndi nyumba zimene siziwerengedwa pa malire a nthawi zonse a Housing Benefit chifukwa eni ake amati akupereka thandizo kwa okhalamo. Ena amaperekadi, ndipo ndimawalemekeza. Koma ena anaona kuti lendi yake ndi yokwera, n'kudzaza anthu m'zipinda, thandizo lake kungogogoda pakhomo kamodzi pa sabata kufunsa ngati uli moyo. Komiti ya Nyumba ya Malamulo inadzudzula kwambiri mchitidwewu mu 2022, ndipo mu 2023 panadutsa lamulo lofuna kuyang'anira nyumba zotere, limene analibweretsa ndi phungu Bob Blackman, yemwenso anabweretsa lamulo lija la 2017. Wina akakulonjeza chipinda cha "supported", funsa kuti wokuthandiza ndani, azibwera kangati, ndipo support plan yako, ndondomeko yolembedwa ya thandizo limene uzilandira, ili kuti. Safunsa anadya phula.

Mawu ena ndi a ife ogwira ntchito, ndipo ena mwa iwo sindiwakonda. Anthu amene timawayendera timawalemba kuti service users. Munthu akaphonya maulendo angapo timalemba kuti failed to engage, fayilo n'kutsekedwa. Mawu amenewa amaika mlandu wonse pa iye, ngati wakana thandizo. Koma ndikudziwa mnyamata amene sankatsegula chitseko chifukwa ankagwira ntchito usiku, ife n'kumagogoda 10 koloko m'mawa. Ndikudziwa mayi amene sankayankha foni chifukwa nambala yathu sioneka, ndipo ankaopa kuti ndi okongoza ndalama. Mawu amenewo akalowa mu fayilo amamutsatira munthu ku ofesi ina iliyonse. Ine ndinasiya kuwalemba. Ndimalemba nthawi imene ndinapita, chimene ndinapeza, ndi chimene ndiyesenso.

Sindingatseke osanena za no recourse to public funds, mawu amene ali pa ziphaso za abale ambiri amene anabwera pa viza ya ntchito yosamalira odwala kapena ya sukulu. Tanthauzo lake n'lakuti Housing Benefit, Universal Credit (ndalama ya boma yothandiza opeza zochepa), nyumba ya khonsolo, ndi thandizo la khonsolo la anthu osowa pokhala, zonsezo n'zotsekedwa kwa iwo. Zambiri zimene ndafotokoza pamwambapa siziwakhudza, ndipo ndi bwino adziwiretu asanasiye ntchito kapena kukangana ndi bwana amene ndiyenso mwini nyumba imene akugonamo. Koma mawuwa satanthauza kuti palibe khomo lililonse. Kuonana ndi dokotala sikuli pa mndandandawo. Ndipo banja limene lili ndi mwana amene akusowa pogona likhoza kupempha thandizo ku nthambi yoona za ana ya khonsolo pansi pa ndime 17 ya Children Act ya 1989, thandizo limene siliwerengedwa ngati public funds. Amayi ambiri amaopa kupitako poganiza kuti akawalanda ana. Umphawi pawokha si chifukwa cholandira munthu mwana, koma ndimalangiza kuti apite atayamba alankhula ndi mlangizi wodziwa za malamulo olowera m'dziko. Mabungwe monga Shelter ndi Citizens Advice amapereka malangizo a za nyumba mwaulere.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi ili. Nyuzipepala yanu imawerengedwa pa intaneti ndi ambiri a ife kuno, komanso ndi makolo amene ana awo ali kuno. Tipatseniko kadanga, ngakhale kamodzi pa mwezi, kuti tizitenga liwu limodzi lotere n'kulimasula bwinobwino m'Chichewa, ndi chitsanzo chake. Ndikupemphanso anzanga omasulira m'maofesi ndi m'zipatala kuti tigwirizane mawu. Ine ndayamba kunena "chisamaliro cha pathupi" pa care, ndi "kuyenda nanu pa za nyumba ndi mapepala" pa support. Pa intentionally homeless ndimati "lamulo likuti nyumba munaitaya muli ndi mpata woisunga", kenako ndimafulumira kuwonjeza kuti chigamulocho chimatsutsika. N'zazitali, koma amene ndawauza choncho sanapinde kalata. Ngati alipo amene ali ndi mawu afupiafupi oposa amenewa, makamaka pa vulnerable, alembe kudzera m'tsamba lino, ndidzawagwiritsa ntchito.

Ndipo kwa kholo limene mwana walo angaimbe foni kuti walandira kalata ya khonsolo imene yamukhumudwitsa, mufunseni deti limene anailandira, mumuuze atsegule tsamba lomaliza, ndipo muwerengere limodzi masiku amene atsala pa 21 aja.

Ine wowerenga wanu,
Mayi wogwira ntchito yothandiza anthu pa za nyumba,
England